Njinga Yozimira pa Khomo la Apongozi

"Kanayi, mayi a Amira. Osati kawiri ayi, kanayi. Njinga yopita ku Liwonde n'kubwerako osatsokomola, ikangofika pakhomo pa mayi anu basi yazima. Ndiye mukufuna ndikhale chete?"

Fauziya anapitiriza kupeta mpunga wake pakhonde. Mwamuna wake Yunusu anali ataima pabwalo thukuta lili kamukamu, chifukwa njinga yake yamotoyo anachita kuikankha kuchokera kuseri kwa nkhokwe ya apongozi ake mpaka pakhomo.

"Yankhulani, koma tsitsani mawu. Mpanda uwu ndi waudzu."

"Wakumva amve. Utsi sufuka popanda moto."

"Ndiye moto wake ndi mayi anga?"

"Ine sindinatchule dzina la munthu."

"Mwatchula khomo, bambo a Amira. Pakhomo paja pamakhala anthu angati?"

 Yunusu anagwada pambali pa njinga, n'kutsegula kachivundikiro ka m'mbali, n'kusolola fiyuzi yakupsa, n'kuikapo ina. Atatembenuza kiyi, tinyali tonse tinayaka ndipo sipika inayamba kufuula kuchokera pomwe inalekezera. Anamuyang'ana mkazi wake ngati wapambana mlandu. Fauziya anamufunsa chifukwa chake sankapita nayo kwa amakaniko kuti akaione, iye n'kuseka, nati njinga imeneyi amaidziwa waya aliyense popeza anaimanga yekha.

"Ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo," anatero Fauziya, maso ali mulichero.

Njinga imeneyi inali yakabaza ngati zinzake zonse za pa siteji ya pa Ulongwe, mpaka mwezi wathawo pamene Yunusu anaganiza zoiveka. Anagula tinyali tobiriwira ta pansi pa thanki, nyali ziwiri zoyera zothobwa m'maso ngakhale masana, kachingwe kofiira kophethira kumbuyo, sipika, ndi potchajira mafoni a makasitomala. Zonsezi anazilumikiza yekha pansi pa mtengo wa mango, foni ili pabondo akuonera mmene ena amachitira, mpeni wa kukhitchini uli m'manja. Mawaya ena anachita kuchotsa m'wailesi yakufa. Itayaka, anzake pa siteji anamupatsa dzina loti Injiniya, ndipo asanu ndi mmodzi anabweretsa zawo kuti awavekere chimodzimodzi. Munthu akalawa dzina ngati limenelo, kubwerera kukakhala Yunusu wamba kumawawa kuposa kuzula dzino.

Tsono njira yochokera kumsewu wa tala kupita kunyumba kwawo inkadutsa pakhonde penipeni pa Abiti Swaibu, mayi ake a Fauziya. Yunusu anali mkamwini pamudzipo, ndipo pa nkhani ya ulemu panalibe womunena. Mkamwini sakumana ndi apongozi ake aakazi maso ndi maso. Kale akuyenda wapansi, akawaona ankapatukira kutchire. Atagula njinga, ulemuwo anaukwezanso panjinga. Akangoona mpango wawo pakhonde, ankakhotetsa handulo yonse kumanzere, n'kutsikira m'kangalande ka miyala, n'kuzungulira kuseri kwa nkhokwe. Akapeza khonde lilibe munthu ankangodutsa molunjika. Ndipo njinga inkazima masiku okhawo amene mayiwo anali panja.

Vuto lina linali lakuti Abiti Swaibu sanali nkhalamba yoti anthu n'kuikonda msanga. Anali mayi wamasiye wa zaka makumi asanu ndi awiri, maso ofiira ndi utsi wa kukhitchini, ndipo lilime lawo silinkadziwa njira yozungulira. Tsiku lina sipika itawasokoneza pa swala, pemphero lawo lamasana, anatuluka n'kunena, amayi ochokera kumjigo akumva, kuti chiphokoso chimenechi chidzakhala chete tsiku lina. Pa tsikulo anthu anaseka. Tsopano mawu aja anayamba kuwafukula.

Sabata isanathe, nkhani inali itapita ku siteji n'kubwerako itanenepa. Ena ankati anaona gogoyo akuloza njinga ndi chala, ena ankati amalavulira kumanzere ikamadutsa. Kumjigo, Fauziya akafika amayi ankasintha nkhani n'kuyamba kudandaula za mtengo wa feteleza, ngati kuti iye analibe makutu.

Lamlungu kunabwera Sharifu, tcheyamani wa akabaza a pa siteji, munthu wamtali wosaseka kawirikawiri, amene njinga yake nayo inavekedwa ndi Yunusu. Anakhala pansi pa mango ndi mwininyumba, ndipo Fauziya anamva zonse akuwapatsira tiyi. Sharifu anati nkhalamba zina zimadana ndi kuona achinyamata akutukuka, ndipo zikayamba ndi njinga zimathera pa munthu.

"Ndikukumvetsani, Injiniya. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Inu ndi mkamwini, manja anu ndi omangika. Koma ife pa siteji si akamwini a munthu."

Yunusu anangopukusa mutu ngati munthu wozunzika, ndipo sanatsutse. Kenako Lachinayi analamula kuti mwana wawo Amira, wa zaka zinayi, asadyenso chilichonse kwa agogo ake. Tsiku lomwelo Fauziya anaona mayi ake akutambasula dzanja ndi nthochi pampanda, mwana n'kubisa manja kumbuyo. Apa m'pamene anachita mantha enieni, chifukwa anakula akumva zimene zimachitika nkhalamba ikapatsidwa dzina loti mfiti. Dzina limenelo silichoka ndi sopo, ndipo kawirikawiri limathera pa miyala.

M'mawa mwake, mwamuna atachoka, anapita kwa mayi ake. Anawapeza akusenda chinangwa pakhonde. Anawapempha kuti nthawi ya nkhomaliro ndi yamadzulo, pomwe mkamwini wawo amabwera, azikhalako m'nyumba kwa masiku ochepa mpaka anthu aiwale.

"Ndibisale pakhomo panga? Khonde ili ndinazira ndekha iwe usanamere mano."

"Amao, anthu akuyankhula zoopsa."

"Ayankhule. Kawauze kuti ndikanakhala ndi mphamvu yozimitsa njinga, ndikanayamba ndazimitsa nyamakazi ili m'mawondo muno. Ndipo mwamuna wakoyo umuuze kuti nthochi ija ndadya ndekha, sindinafe."

Fauziya anafuna kuseka, koma misozi ndiyo inabwera. Mayi ake sanamuyang'ane. Anapitiriza kusenda, koma mpeni unkadya chinangwa chambiri kuposa khungu.

Lachitatu lotsatira, akuchapa buluku la mwamuna wake, Fauziya anapeza m'thumba mafiyuzi asanu ndi awiri akupsa. Anawamanga pansonga ya chitenje. Atagulitsa mpunga wake pa Ulongwe, analowera kuseri kwa ogulitsa chimanga komwe kunali shedi ya a Wyson, makaniko wachikulire amene ankakonza magetsi a njinga ndi a maminibasi. Anamasula chitenje n'kufunsa chimene chimapha tinthu timeneti.

A Wyson anayang'ana mafiyuziwo, kenako n'kumuyang'ana iye.

"Inu si akazi a Injiniya? Nanga sanakuuzeni? Anabwera pano Lachiwiri la sabata yatha, ndinachita kuwaonetsa ndi chala."

Anakokera pafupi njinga ina imene ankakonza n'kumuonetsa pakhosi pake, pomwe handulo imazungulira. Pamenepo pali kachitsulo koletsa handulo kuti isapitirire. Yunusu, iwo anati, anadutsitsa waya wa nyali zake pakati pa kachitsuloko ndi felemu, wokoka kwambiri, wopanda kapaipi komuteteza, ndipo anangomulumikiza ku waya wa kiyi osamupatsa fiyuzi yakeyake. Panjira yowongoka palibe chimachitika. Koma munthu akakhotetsa handulo yonse kumanzere, njinga n'kudumpha pamwala, kachitsuloko kamaluma wayayo, kopa n'kukhudza chitsulo, fiyuzi yaikulu n'kupsa, zonse n'kuzima.

"Ndi ntchito ya theka la ola, mayi. Ndinawauza kuti asiye njinga ndikonze, anati abweranso. Amati safunsa anadya phula, koma awa afunsa, auzidwa, phulalo akudyabe. Chondidetsa nkhawa n'chakuti dzulo ndamva kuti atopa kugula mafiyuzi, aikapo kamsomali. Fiyuzi imafa kuti njinga isapse. Msomali sufa."

Fauziya anatuluka mushedimo. Chimene chinamupweteka sichinali waya ayi, chinali Lachiwiri lija. Lamulo loti Amira asadye kwa agogo ake linaperekedwa Lachinayi, mwamuna wake atauzidwa kale zoona.

Anamudikirira mpaka madzulo, mwana atapita kukasewera. Anayala mafiyuzi aja pamphasa pakati pawo n'kumuuza komwe anapita. Poyamba Yunusu anati a Wyson ndi ansanje chifukwa akabaza anasiya kupita kwa iwo. Kenako anati mkazi wapabanja sayendayenda m'mashedi a amuna kukafufuza mwamuna wake. Fauziya anangomuyang'ana mpaka mawu onsewo anatha okha.

"Chabwino," anatero Yunusu motsitsa. "Mwina wayayo akukhudzadi. Koma taganizani, mayi a Amira. Njinga zisanu ndi imodzi pa siteji paja ndamanga ndine, ndipo zonse ndinadutsitsa waya pamodzimodzi. Ndikakaima pamaso pa Sharifu n'kunena kuti ndinalakwitsa, mawa njinga yanga ndidzaiimika kuti? Adzandiseka mpaka ku Balaka."

"Ndiye kuli bwino mayi anga akhale mfiti kuti inu mukhalebe Injiniya?"

"Mawu amenewo sanatuluke pakamwa panga. Anena ndi anthu."

"Munawatolera nkhuni, iwo angokoleza. Munadya m'mbale ya mayi aja zaka zisanu, munda mukulimawu anakupatsani ndi iwo. Mawa m'mawa mukauze Sharifu, kapena Lachisanu mukanene kumzikiti anthu akamatuluka. Wakutsina khutu ndi mnansi, bambo a Amira. Ine ndikukutsinani."

"Loweruka ndikonza zonse mwakachetechete, yanga ndi za anzanga. Ndidzawauza kuti ndikuwonjezera mphamvu. Njinga ikasiya kuzima, nkhaniyi ifa yokha. Masiku atatu okha, wallahi."

Fauziya anavomera. Anali atatopa, ndipo munthu amafuna kukhulupirira amene akukhala naye nyumba imodzi. Anangomupempha kuti achotse msomali uja, iye n'kugwedeza mutu. Masiku atatu amenewo Fauziya sanadzikhululukire nawo mpaka lero.

Lachisanu swala itatha, Yunusu ananyamula Binti, mkazi wa Sharifu, amene ankachokera kumsika kupita kwawo kutsidya kwa mudzi. Sipika inali pamwamba. Abiti Swaibu anali pakhonde pawo, tasibihi, mikanda yopempherera ija, ili m'manja. Yunusu atangoona mpango uja, manja ake anachita zimene anazolowera. Anakhota, njinga inadumpha pamwala, koma ulendo uno sinazime. Nyimbo inapitirira pang'ono, kenako pansi pa thanki panatuluka utsi wakuda wonunkha pulasitiki, moto n'kutsata waya mpaka pa paipi ya petulo. Yunusu anadumpha. Binti anakodwa ndi chitenje, ndipo pomwe ankamukoka, mwendo unali utapsa kuchokera pabondo kutsika.

Fauziya anamva kukuwako ali kumjigo. Pofika iye, njinga inali mafupa okhaokha akufuka utsi, Binti anali atamutengera kuchipatala, ndipo mafoni anali atagwira kale ntchito yawo. Ola lisanathe, akabaza oposa makumi awiri analowa m'mudzimo akuliza mahutala, tinyali tawo tikuphethira dzuwa likuswa mtengo. Pambuyo pawo panali anyamata a kumsika amene sankadziwa ndi dzina lomwe la mayiwo, koma anali atatola kale miyala m'njira.

Sharifu anaimika njinga yake osaizimitsa, n'kuyenda mpaka pakhonde. Maso ake anali otupa ndi kulira. Chisoni chake chinali chenicheni, ndipo n'chifukwa chake chinali choopsa.

"Tinakhala chete mukuzimitsa njinga. Lero mwafuna kundiphera mkazi. Tulukani m'mudzi muno, apo ayi tikutulutsani ndife."

Abiti Swaibu anaimirira atagwira nsanamira. Anati amene akufuna kuwatulutsa ayambe wakafukula mchombo wawo kuseri kwa nyumbayo. Sanali mawu oti n'kuziziritsa gulu. Mwala woyamba unagwa padenga.

Fauziya anadutsa pakati pa anthu n'kukaima kutsogolo kwa mayi ake. Anafunafuna mwamuna wake ndi maso, n'kumupeza atakhala pachulu, manja ali m'masaya.

"Bambo a Amira, auzeni anthuwa zimene a Wyson anakuonetsani. Auzeni za msomali."

Gulu lonse linatembenuka. Panachita bata loti mawu atatu okha akanakwana. Yunusu anayang'ana njinga yake yakupsa, n'kuyang'ana anzake a pa siteji, n'kugwetsa nkhope.

"Ine ndangoona moto," anatero.

Chidutswa cha njerwa chinadutsa paphewa pa Fauziya n'kukagunda mayi ake pamphumi. Anagwa osakuwa. Wina anali atayatsa kale udzu wa denga chakuseri, ndipo utsi unayamba kukwera.

Fauziya sanagwade kuti awadzutse. Anadziwa kuti akagwada, miyala ina iwapeza onse awiri pomwepo. Anathamangira pa njinga ya Sharifu imene inali ikulirabe ndi nyimbo zake, n'kulowetsa dzanja pakhosi pake monga a Wyson anamuonetsera. Anakoka waya wofiira n'kumutulutsira poyera. Pamalo amodzi khungu lake linali litadyeka, kopa akuonekera. Anamukhudzitsa ku felemu. Panathetheka moto, nyimbo inaduka, tinyali tinazima, injini inaima.

"Ndazimitsa njinga, a Sharifu. Ndigendeni inenso. Aliyense amene njinga yake inamangidwa ndi mwamuna wanga awerame, ayang'ane pakhosi pake. Waya ameneyo akudyedwa ndi chitsulo tsiku ndi tsiku. Ya bambo a Amira yayambirira chifukwa amakhota pano popewa apongozi awo, ndipo m'malo mwa fiyuzi anaikamo msomali. Akudziwa kuyambira sabata yatha."

Mmodzi anawerama. Kenako wina. Amuna asanu anagwada pafumbi pambali pa njinga zawo, zala zikufufuza, ndipo aliyense anadzuka atapeza waya wake wodyeka. Miyala imene inali m'manja inayamba kugwa pansi ngati eni ake sakuidziwa. Wina kumbuyo anaseka n'kunena kuti Injiniya watipusitsa, enanso n'kuseka nawo, poti kuseka kunali kopepuka kusiyana ndi kuyang'ana pakhonde paja. Sharifu anamumenya Yunusu mbama imodzi, n'kuyamba kukankha njinga yake yakufa kulowera kumsewu. Enawo anamutsatira, ambiri molunjika ku shedi ya a Wyson, kudera nkhawa mawaya awo. Amene anathira madzi padenga ndi amayi awiri oyandikana nawo, ndipo amene ananyamula Abiti Swaibu kupita kuchipatala ndi bambo wina wa njinga yakapalasa amene ankangodutsa.

Anawasoka pamphumi, ndipo anatuluka patatha masiku anayi. Pamasiku amenewo mudzi unali utapeza kale mawu odzipepesa nawo. Ena ankati anali Satana, ena ankati achinyamata a masiku ano ndi opupuluma. Apolisi atabwera kudzafunsa, panalibe ndi mmodzi yemwe wokumbukira dzanja limene linaponya njerwa. Yunusu ankagona kwa mkulu wake, ndipo anatumiza ankhoswe ndi mawu oti denga lonse afolera ndi manja ake. Fauziya anawauza kuti nkhani ya banja idikire kaye, chifukwa mwamunayo sankafuna kumuona ngakhale chithunzithunzi chake.

Koma mayi ake atafika pakhomo sanakhale pansi. Anasonkhanitsa zovala zimene sizinapse, mkeka wa swala ndi mapoto awiri, n'kuuza Fauziya kuti aimbire foni mlongo wake Zubairu ku Ntaja kuti akawadikirire potsikira minibasi.

Fauziya anagwada pakhomo n'kuwagwira miyendo. Anawakumbutsa kuti manda a abale awo onse ali pomwepo, kuti mpunga wawo watsala pang'ono kucha, kuti a Wyson afotokozera siteji yonse ndipo palibenso amene akukayika.

"Zoona zadziwika, Amao. Aliyense waona ndi maso ake kuti anali waya."

Abiti Swaibu anamanga mfundo yomaliza pamtolo wawo. Anayankhula mofatsa, ndipo kufatsako kunamuopsa Fauziya kuposa bala la pamphumi.

"Wachita bwino, mwanangu. Ulendo uno unapeza waya woti uwaonetse. Nanga tsiku limene mwana wa munthu adzafe ndi malungo pamudzi pano, udzawaonetsa chiyani?"

 Fauziya anadzuka, n'kusenza mtolowo pamutu pake, n'kutsogola njira ya kumsewu.